Mwana wanga sasiya phokoso la pakamwa, anzanga inu mumatani?

Amake Yamikani: Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Pepani ndilemba zambiri koma zandikwana ndipo ndilibe wina omuuza. Yami wanga ali ndi zaka 6, chaka chatha kuchipatala anatiuza kuti ali ndi autism, vuto la kakulidwe ka ubongo limene limakhudza kulankhula ndi kucheza ndi anthu. Kulankhula amalankhula pang'onopang'ono, madzi, nsima, amama, basi. Koma chimene chandilembetsa ndi phokoso, amangoti eeeeee mmmmm eeeeee osalekeza kuyambira podzuka mpaka tulo timupeze, nthawi zina amakuwa kamodzi mokweza ngati wapsa ndi moto pomwe palibe chamuchitikira kenako nkumaseka. Nde masiku ano watola mawu a kondakitala, "Chilomoni Chilomoni wina m'modzi", akhoza kubwereza mpaka mutu kuwawa. Ife timakhala nyumba za lendi zamdadada khoma limodzi ndi aneba, dzulo wadzuka 4 koloko mbandakucha nkuyamba, aneba anagogoda khoma katatu ndipo kutacha alandilodi anandiitana kuti anthu akudandaula. Ndisaname, nditabwerako ndinamumenya pakamwa. Anangondiyang'ana, anakhala chete mwina mphindi ziwiri kenako anapita pakhoma nkuyamba kumenyetsa mutu. Mpaka pano mtima ukundiwawa. Pali njira yomusiyitsa?

Anaphiri a ku Zomba: Pepani amake Yami, pumani kaye mpweya. Palibe pagulu pano amene angakuponyeni mwala, tonse tinadutsamo. Wanga pano ali ndi zaka 14 koma ali ngati Yami ndinkamutseka pakamwa ndi chitenje mutchalitchi, ndikakumbukira ndimalira.

Bambo a Tadala: Tilipo mayi, musadzione ngati muli nokha.

Madam a ku resource: Amake Yami zikomo polankhula chilungamo. Ine ndi mphunzitsi, maphunziro a ana ofunika chithandizo chapadera ndinachitira ku Montfort ku Nguludi, ndipo ana ngati Yami ndimakhala nawo tsiku ndi tsiku. Chimene mukufotokozacho chili ndi dzina, amati stimming, kubwerezabwereza chinthu chimodzi kuti thupi likhazikike. Wina amakupiza manja, wina amadzigwedeza, wina amazungulira, Yami wanu yake ndi ya pakamwa. Ndipo musaone ngati nzachilendo kwambiri, tonse timapanga. Amayi posinja amayimba, abambo polima amaliza likhweru, wina akakhala pa benchi kuchipatala kudikira zotsatira mwendo umangogwedezeka wokha. Kusiyana kwake nkwakuti kwa mwana wa autism dziko limamulowa mwamphamvu kuposa ife, phokoso, kuwala, fungo, zonse nthawi imodzi, nde kaphokoso kakeko ndi kokhako kamene iye akukadziwa ndipo akukalamulira. Mwaona nokha zimene zinachitika mutamuletsa, phokoso linasiya koma chimene chimamuvutacho sichinachoke, chinangotulukira pa mutu ndi khoma. Pakati pa eeee ndi kumenyetsa mutu ine ndisankha eeee.

Amake Yamikani: Eee madam, nde ndingomusiya choncho? Nanga alandilodi akatithamangitsa tilowera kuti

Madam a ku resource: Ayi sindikuti mungokhala manja lende. Ndikuti tisanathamangire kumusiyitsa tidziwe kaye kuti phokosolo likumugwirira ntchito yanji. Gulani kope la masamba ochepa lomwe lija, kwa sabata imodzi muzilemba zinthu zitatu, nthawi yanji wayamba, chinachitika nchiyani asanayambe, ndipo anasiya bwanji. Mulembenso mtundu wa phokosolo chifukwa ndikukhulupirira kuti eeee wa chisangalalo ndi eeee wa mantha samveka chimodzimodzi, inu mayi ake khutu lanu limadziwa kale kungoti simunaikepo mtima. China chofunika kwambiri, ngati kukuwako kwangoyamba kapena kwakula mwadzidzidzi pitani naye kuchipatala akamuone m'makutu, mano ndi m'mimba. Mwana osalankhula bwino sanganene kuti dzino likuwawa, amakuwa. Ndinali ndi mwana mkalasi anakuwa milungu iwiri tonse tikuti ndi khalidwe, kumapeto khutu linatuluka mafinya.

Agogo ake a Pempho: Ana anga ine ndine wachikale mundikhululukire. Koma zinazi sizofunika mapemphero amphamvu? Mdzukulu wanga anthu kumudzi amati mwina bambo ake anamukhwimira kuti bizinesi iyende, ena amati tikamuteme mphini kwa asing'anga. Ine sindinavomere koma usiku akayamba kulankhula yekha mantha amandigwira.

Anaphiri a ku Zomba: Agogo mwachita bwino kufunsa poyera chifukwa ambiri amaganiza zomwezo koma amangobisa. Ine ndinapita konseko. Mphini anamutema pamphumi ndi pachifuwa zipsera zilipo mpaka lero, mbuzi inapita, ndalama zinapita, mwana anabwerako akukuwa kuposa kale ndipo kwa miyezi ankathawa akangoona munthu wagwira lezala. Kumapemphero a usiku nako anamuzungulira anthu asanu ndi atatu akufuula m'makutu mwake kuti tuluka tuluka, mwana amene ngakhale phokoso la mbale zikagwa limamupweteka. Ine ndine mkhristu ndipo ndimapemphera tsiku lililonse, ndimamupempherera akagona nditamugwira phazi mwakachetechete. Koma mwana wanga alibe chiwanda agogo, ndipo Pempho naye alibe. Banja langa linatsala pang'ono kutha chifukwa cha nkhani yakukhwimayo, apongozi ankaloza ine, abale anga ankaloza bambo ake.

Agogo ake a Pempho: Ndamva mwana wanga. Zikomo.

Amake Wezi ku Leeds: Moni nonse, ndangotuluka ku ntchito ndiwerenga zonse. Agogo, ana otere alipo dziko lililonse, kuno ku UK ndi ambirimbiri ndipo makolo awo sadziwa nkomwe kuti kukhwima nchiyani. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linanenapo kuti pafupifupi mwana mmodzi pa ana 100 aliwonse padziko ali ndi autism. Ndipo sizinayambe lero, dokotala wina ku America dzina lake Leo Kanner analemba za ana 11 mu 1943, ndipo chimodzi mwa zinthu zimene anaona ndi chomwechi cha kubwereza mawu a anthu ena. Mwana woyamba pa anawo, Donald Triplett, anakula nkumagwira ntchito ku banki kwawo ku Mississippi, ankayendetsa galimoto, wamwalira mu 2023 ali ndi zaka 89. Ndimakonda kuuza makolo zimenezi chifukwa mwana akakhala ndi zaka 6 timaona ngati mmene alilimu ndi mmene adzakhalire mpaka kalekale.

Amake Yami, za "Chilomoni wina m'modzi" zija musazitaye, dzina lake ndi echolalia, kubwereza mawu amene wamva kwa ena, ndipo nthawi zambiri si phokoso chabe. Wezi wanga ankangoti "mind the gap" mawu amene anawamva kusiteshoni ya sitima, ine nkumatopa nazo, mpaka amene amamuphunzitsa kulankhula anandifunsa kuti amanena nthawi yanji. Titayang'anitsitsa tinapeza kuti amanena akamaopa, potsika masitepe, akaona galu. Anatola chiganizo chonse ngati mawu amodzi otanthauza kuti samala. Nde mukopemo mulembenso kuti Chilomoniyo amaitana nthawi yanji.

Amake Yamikani: Iii asisi sindinaganizepo zimenezo. Ine ndimangoti wandinyansa kondakitala amene anamuphunzitsa

Amake Junior: Pepani kulowerera, kodi nzoona kuti ndi katemera amayambitsa zimenezi? Wanga anayamba kusintha atangobayitsa wa chikuku ndipo mlamu wanga akuti wachiwiriyu ndisamubayitse

Amake Wezi ku Leeds: Ayi asisi chonde kamubayitseni mwanayo. Nkhani imeneyo inachokera kuno, kwa dokotala wina Andrew Wakefield amene analemba mu 1998 kuti katemera wa MMR, woteteza chikuku ndi matenda ena awiri, akukhudzana ndi autism. Zinapezeka kuti zinali zachinyengo, mu 2010 magazini ya zachipatala ya The Lancet imene inasindikiza nkhaniyo inaichotsa ndipo iye anamulanda chilolezo chaudokotala. Zimangochitika kuti zizindikiro za autism zimayamba kuoneka bwino pa msinkhu womwewo umene ana amabayitsa. Chikuku chimapha ndipo chimachititsa khungu, chimenecho nde muope.

Admin: Zikomo amake Wezi. Ya katemera tiyitsegulira tsiku lake, pano tibwerere kwa Yami chifukwa mayiwa akufunika pogwira usiku uno.

Bambo a Tadala: Ine wanga si autism, anati ndi ADHD, vuto losakhazikika ndi kuvutika kuika maganizo pa chinthu chimodzi, ali sitandade 4. Iyeyu phokoso lake ndi la galimoto, vruuum vruuum, kusintha magiya ndi pakamwa, nthawi zina kuwomba lilime tyo tyo tyo makamaka akamalemba homuweki. Ndinkakwiya kwambiri ndinkati akuchita dala, chifukwa kulankhula amalankhula bwinobwino nde ndimati akumva koma ndi mwano basi. Tsiku lina ndinakhala naye patebulo ndi kamtengo ndinati ukangotulutsa phokoso ndikukwapula. Anakhaladi chete ola lathunthu koma pakope analemba masamu awiri okha, onse olakwa, maso ali padenga. Mawa lake ndinali otopa ndinangomusiya, galimoto yake ikulira mpaka aneba kumva, mphindi 20 masamu khumi atha asanu ndi atatu okhoza. Ndipamene ndinazindikira kuti mphamvu zake zonse dzulo lija zinathera pogwira pakamwa. Kusukulu nde kunali kovuta, tsiku ndi tsiku kumugwaditsa panja akuti akusokoneza anzake, ndipo sindiwada aphunzitsi chifukwa kalasi ya ana oposa 100 munthu mmodzi si masewera. Ndinapita ndekha kukakhala nawo pansi osati kukakangana. Tinagwirizana kuti azikhala kumapeto kufupi ndi chitseko, akaona kuti injini yayamba kutentha azimutuma kukatenga choko kapena kufufuta bolodi, ndipo amaloledwa chingamu nthawi yolemba. Sikuti zinatheratu koma kugwada kunatha.

Madam a ku resource: Bambo a Tadala mwachita zimene timaphunzitsa. Ndingowonjezera chimodzi, ngati phokoso lili lalifupi lodzidzimutsa, monga kukhosomola kouma, kununkhiza mphuno, kapena kukuwa ngati kwamuthawa, ndipo mwana akuoneka kuti iyenso sakukufuna, mwina ndi zimene amati tics. Zimenezo nzosiyana ndi stimming ndipo zimapezeka kawirikawiri kwa ana a ADHD, mwana amamva ngati mmene timamvera kuyetsemula kukamabwera. Kumukalipira kumangoonjezera. Muwauze adokotala, ndipo mujambuleni kavidiyo pafoni chifukwa ana akafika kuchipatala sapanga.

Chiku: Moni makolo. Ine sindilankhulalankhula pagulu pano, anandilowetsa ndi amayi anga. Ndili ndi zaka 24 ndipo ndili ndi autism, ndimakonza mafoni. Ndikufuna ndinene mmene zimamvekera mkatimu. Ndikalowa mumsika inu mumamva phokoso limodzi la msika. Ine ndimamva lililonse palokha ndipo onse ndi okwera mofanana, wogulitsa tomato, njinga yamoto, wailesi zitatu, ndalama zachitsulo, mwana akulira kutali. Ndikayamba mmmmm chifuwa ndi mutu zimanjenjemera pang'ono ndipo maphokoso enawo amabwerera m'mbuyo, ndimatha kuganiza. Nthawi zina ndimapanga chifukwa ndasangalala basi, ndipo zimakoma. Ndili mwana ndinkamenyedwa kusukulu nde ndinaphunzira kudzigwira. Aphunzitsi ankati ndachira. Koma ndikafika kunyumba ndinkagwa pansi kulira ndi kuluma dzanja langa, chipsera chilipo. Chimene chinandithandiza ndi amayi anga, sanati siya, anati tiye tipeze laling'ono loti uzipanga pa anthu, lalikululo uzikapanga kuseri kwa nyumba. Mpaka pano ndikamakonza foni ndimayimba chapansipansi kukhosi, makasitomala amaona ngati ndi nyimbo ya kwaya.

Amake Yamikani: Achimwene a Chiku mwandiliritsa. Ndiye kuti Yami akamapanga zija sikuti akundizunza dala

Chiku: Ayi amayi. Mwina sakudziwa nkomwe kuti zikumveka kwa aneba. Ine ndinadziwa ndili ndi zaka 9 kuti anthu ena amandimva.

Anaphiri a ku Zomba: Chiku mwana wanga Mulungu akudalitse, uzilankhula pafupipafupi. Amake Yami tsopano za usiku uno ndi za alandilodi, ndikuuzeni zimene ine ndinapanga pa nyumba ya lendi. Choyamba chotsani mphasa kapena matilesi ake kukhoma limene mwagawana ndi aneba, agone mbali inayo, ndipo pakhomalo kolekani bulangete lokhuthala kapena musunthirepo kabati ya zovala, phokoso limachepa ndithu. Chachiwiri madzulo mutopetseni thupi ndi ntchito yolemera, osati ngati chilango koma ana amenewa thupi likakoka kapena kukankha chinthu cholemera amakhazikika. Wanga ndinkamupatsa kachigubu ka malita asanu kuchokera pa mpope maulendo angapo, kupukusa chimanga, kufinya zovala pochapa, mpaka kusinja mtedza mu kamtondo. Foni ndi TV zizizima kukadali ola limodzi asanagone. Akadzuka 4 koloko musayatse magetsi musakalipe, khalani ndi chinthu chokonzeka pafupi chotanganitsa pakamwa, wanga inali nzimbe yosendasenda kapena phala lolimbirako lomwera pa kapaipi komwera zakumwa, poti munthu sangatafune ndi kukuwa nthawi imodzi. Koma mukhale naye pompo asatsamwe.

Chachitatu nde chovuta koma ndi chimene chinandipulumutsa. Pitani kwa aneba masana mitima ili pansi, yambani ndi mayi wa pakhomopo, mutenge Yamiyo amuone. Muwauze dzina la vutoli ndi zimene mukuyesa kuchita. Anthu amakwiya kwambiri akamaganiza kuti mukulekerera mwana. Aneba anga amene ankatukwana pawindo anadzakhala iwowo omuteteza ana ena akamamugenda.

Amake Wezi ku Leeds: Ndionjezere pa za tulo, ana ambiri a autism tulo timawavuta, nde ngati kudzuka 4 koloko kuli kwa tsiku ndi tsiku kanenedwe kuchipatala. Chonde musamupatse piritoni kapena mankhwala ogonetsa ogula pa golosale, ndamva ena amatero.

Bambo a Tadala: Komanso mahedifoni aja amavala anthu a m'mafakitale ndi ocheka matabwa, opanda waya, amapezeka m'mashopu a hadiweya. Mnzanga anagulira mwana wake wa autism, mu minibasi ndi kutchalitchi kukuwa kunachepa kwambiri poti chimene chimamukuwitsa chinali masipika.

Madam a ku resource: Eya koma asamavale tsiku lonse, pokhapokha pamalo aphokoso, ndipo ena amawakana pamutu nde musamukakamize. Za mawu aang'ono ndi aakulu zimene wanena Chiku zimaphunzitsika ngakhale kwa mwana osalankhula kwambiri. Jambulani zithunzi ziwiri pa katoni, mkango ndi mbewa. Muzisewera naye nthawi imene ali okondwa osati atakwiya kale, mukaonetsa mkango nonse awiri eeee mokweza panja, mukaonetsa mbewa nonse mmmm chapansipansi. Inde mayi muzipanga naye, mudzaona mmene adzakuyang'anireni tsiku loyamba. Zimatenga miyezi osati masiku. Ndipo akhale ndi malo ndi nthawi imene mkango ndi ololedwa opanda omuletsa, apo ayi mbewayo sadzaivomera. Amene muli kumpoto St John of God ku Mzuzu amathandiza ana otere, ku Blantyre yambirani ku Queens mufunse za ana ochedwa kukula ndi kulankhula, ndipo fufuzani sukulu ya pulayimale yapafupi imene ili ndi resource centre, kalasi ya ana ofunika chithandizo chapadera.

Amake Yamikani: Zikomo nonse, kope ndagula. Matilesi tasuntha ndi bambo ake. Ndidzabwera kudzanena.

Amake Yamikani: Anzanga ndabweranso, papita masiku 9. Kuchipatala tinapita makutu ali bwino koma dzino lakumapeto labowoka, atipatsa tsiku loti akachotse, nde mwina kukuwa kwa mbandakucha kuja nkumeneko sindinamvetse. Mukope ndapezamo zinthu. Eeee wautali uja amakula magetsi akangobwera, poti nyumba zonse zamdadada wailesi, TV ndi filiji zimayaka nthawi imodzi, amagwira makutu kaye kenako nkuyamba, zaka zonsezi ine osaona kuti amayamba wagwira makutu. Mmmm wapansi amapanga akamaseweretsa madzi mubeseni ndipo nkhope imakhala yowala, ameneyo ndamusiya sindikumuletsanso. Koma ya Chilomoni ija asisi a ku Leeds munanena zoona. Ndinalemba maulendo 14 ndipo 11 anali ataima pafupi ndi chitseko. Lachinayi anati Chilomoni Chilomoni wina m'modzi, ine ndinasiya mbale ndinamufunsa kuti Yami ukufuna kupita panja? Anathamanga kukatenga nsapato zake ndi zanga zomwe nkundiikira pamapazi. Ndinakhala pansi pompo ndinalira, mwana wakhala akundipempha kuti tikayende miyezi yonseyi ine nkumamuuza kuti khala chete. Tinayenda mpaka pa siteji nkubwerera, njira yonse ali ndwii kugwira dzanja langa.

Kwa aneba ndinapita ndi mbale ya mandasi. Mayiwo anandimvetsera, anati mwana wa achemwali awo ku Ntcheu naye salankhula ndipo amamutsekera m'nyumba, apempha kuti ndiwalowetse achemwaliwo pagulu lino, admin ndikutumizirani nambala ku inbox. Bambowo sanalankhule kanthu koma khoma silinagogodedwenso. Mkango ndi mbewa sizinagwirebe, katoniyo anaitafuna.

Chiku: Mukamamuyankha muzimupatsanso mawu afupi, panja, kapena tiyeni panja. Musamuletse Chilomoniyo, mawu atsopanowo adzabwera pambali pake.

Madam a ku resource: Katoni ina mumate ndi selotepi mbali zonse, ndipo ngati akutafuna zinthu choncho mwina ndi dzinolo, tione akachotsa.

Amake Yamikani: Chabwino madam. Funso lina, Loweruka kuli chinkhoswe cha mng'ono wanga ku Lunzu, kudzakhala masipika akuluakulu ndipo achibale a bambo ake onse adzakhalako. Ndimutenge kapena ndimusiye?

Anaphiri a ku Zomba: Mutengeni, ndi wa pabanjapo nayenso. Mufike msanga zoimbira zisanayambe kuti aone malo, mukhale kumapeto kutali ndi masipika, ndipo muyang'aniretu mtengo kapena khonde la kuseri kumene mungathawire. Akangogwira makutu musadikire kuti akuwe, nyamukani. Muwauziretu mng'ono wanuyo kuti mwina simufika pa perekaniperekani.

Bambo a Tadala: Mahedifoni aja mwapeza? Ngati ayi ndili ndi ena kuntchito osagwiritsa ntchito, mawa ndidutsa ku Ginnery Corner cha m'ma 5 koloko, bambo ake Yami akhoza kudzatenga.

Amake Yamikani: Sitinapeze bambo, ndiwauza akuimbireni akaweruka.